Seva yofunditsidwa chitenje

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watitsegulira mazenera a kumwamba sabata ino, mvula n'kugwa, osadikira kuti wina amutumizire imelo.

Lachiwiri ndinaperekeza alamu anga, a Nabanda a ku Mavwere, kukatenga mbewu ya mtedza ku ofesi ya bungwe lina la alimi paboma. Achimwene anga anatisiya, ndiye munda wa mtedzawo ndi umene ukulera ana. Mizere anali atapanga kale, nthaka itanyowa. Amene mumalima mtedza mukudziwa kuti ukachedwa kudzala umakolola makoko.

Pakhomo la sitolo tinapeza a Zulu, osunga katundu.

“Mbewu ilipo, mayi,” anatero. “Koma thumba silituluka popanda imelo ya abwana.”

“Nanga abwanawo ali kuti?”

“Umo.”

Chitseko chinali chotsegula. Nsapato za abwana tinkaziona. Akamwa tiyi tinkamva.

Pabenchi panali bambo wina wachikulire wa ku Kapondo amene anakhalapo kuyambira m'mawa. Dzuwa litafika pamutu anapinda thumba lake lopanda kanthu, n'kulimanga panjinga, ulendo wa kwawo.

Ife tinalowa kwa abwana, a Phiri. Anatilandira bwino, ndisawanamizire.

“Imeloyo ndalemba kalekale, akulu ampingo. Vuto ndi netiweki. Taonani, ngakhale foni yangayi ikundilonjera kuti takulandirani ku Zambia.”

A Nabanda anagwada mwaulemu n'kunena kuti, “Bambo, ine miyendo ndili nayo. Ndiuzeni mawuwo ndikawatule kwa a Zulu. Lero netiweki yanu ndikhale ineyo.”

A Zulu anayankha ali m'chipinda chawo chomwecho: “Zapakamwa ayi! Akadzabwera oyendera ntchito ndidzawaonetsa mayiwa?”

Mwamva zimenezo, abale anga? Makutu amamvana bwinobwino kudutsa khoma. Chimene chimakanika kudutsa ndi chilolezo.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu pakona, chofunditsidwa chitenje, pamwamba ataikapo fulasiki ya tiyi.

“Kodi mwagoneka ndani apa?” ndinafunsa.

“Ndi seva,” anatero a Phiri. Anafotokoza kuti ndi kompyuta imene imalandira ndi kugawa maimelo onse a paofesipo, ngati kapositi ofesi ka m'nyumba.

“Nanga bwanji ili zii?”

“Timaizimitsa netiweki ikachoka, kuti ipumeko.”

Kenaka anakanda m'mutu. Anati mayi amene anadzaiika anawalangiza kuti asamaizimitse. Anaikonza moti intaneti ikaduka, maimelo a m'kati momwemo azipitabe, ochokera kwa abwana kupita kusitolo, ndipo opita kunja okha ndiwo azidikira pamzere mpaka netiweki ibwere.

“Ndiye mumaizimitsiranji?”

“Anzathu anadandaula, akulu ampingo. Netiweki ikachoka maofesi onse paboma pano amapuma. Ife tokha tizigwira ntchito? Zinaoneka ngati tsankho.”

A Nabanda anadzuka, natsitsa fulasiki ija, nachotsa chitenje, nachipinda bwinobwino ngati nsalu ya paguwa.

“Yatsani, bambo. Mitambo iyo mukuiona.”

A Phiri anadina batani. Chinthu chija chinayamba kulira ngati njuchi, timagetsi tobiriwira n'kumaphethira. Posakhalitsa tinamva kubuula kuchokera kusitolo.

“Abwana, mwayatsiranji? Taonani ntchito yalowayi!”

Thumba linatuluka.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za netiweki. Kale anthu a Mulungu ankasankha mbuzi, n'kuisenzetsa machimo a mtundu wonse, n'kuithamangitsira kuchipululu. Ife mbuzi yathu tinaipeza, ndipo ubwino wake siilira. Msonkhano walephereka? Netiweki. Fayilo yasowa? Netiweki. Mwana ali kutauni sanawalonjere amayi ake chilimire? Netiweki. Ngakhale kumpingo, wodwala amagona osayenderedwa chifukwa uthenga wa pagulu la pafoni sunadutse, chonsecho nyumba yake timaiona tikamatuluka m'tchalitchi.

Musandimve molakwa. Kuno kumalire netiweki imavutadi, ndipo amene amayesetsa kuti makina azigwirabe ntchito waya akaduka akuchita ntchito yodalitsika. Mayi amene anaika seva uja anachita mbali yake. Anaganizira tsiku loipa lisanafike, monga anamwali ochenjera amene anasunga mafuta a nyale. Chimene sanaganizire ndi chimodzi: kuti pali anthu amene mdima amaukonda, chifukwa mumdima palibe amene amakufunsa kuti wagwira chiyani lero.

Makina angakonzedwe. Nanga mtima wofunditsidwa chitenje, batani lake lili pati?

Ndipo ndikufunseni inu a m'maofesi. Tsiku lija tonse tidzaimirira pamaso pa Mwini munda, akadzati, “Wamasiye anabwera pakhomo pako, unamuthandiza bwanji?” mudzayankha kuti netiweki inachoka? Samalani, kumeneko zapakamwa zimaloledwa, ndipo mboni idzakhala mayi wamasiye yemweyo.

A Nabanda anadzala Lachitatu, nthaka ikadali yofewa. Bambo wa ku Kapondo uja sindikudziwa ngati anabweranso. Dzina lake sindinamufunse, koma thumba lake lopanda kanthu likumandibwerera m'mapemphero.

Ambuye akudalitseni nonse owerenga, adalitse mbewu zanu ndi ntchito za manja anu. Ndipo dalitso limenelo akalitumiza, likupezeni mutayatsa.