Mimba ya Amalume Zakeyu

Dzulo pa Golomoti bambo wina anakhala pafupi nane m'minibasi, akununkha kachasu m'mawamawa. Fungo lija linandibwezera kwa amalume anga, a Zakeyu.

Kwathu ku Bwanje azimayi otcheza kachasu ankaitana iwowo kuti akalawe madontho oyamba, aja amati mutu. Amalume ankapsontha, n'kutsinzina, n'kugamula kuti, "Uyu ndiye kachasu, gulitsani." Ine ndinkayesa ndi ntchito yapamwamba ngati ya aphunzitsi.

Kenako mimba yawo inayamba kukula. Mabatani a malaya anasiya kumangika, khungu la pamimba lili nyezinyezi. Kusukulu ndinkadzitama kuti nafenso kwathu tili ndi bwana wamimba, ngati eni magolosale a pa Mtakataka. Mikono yowonda ija ndi maso achikasu aja sindinkaziwerengera n'komwe.

Tsiku lina ndinawasisita pamimbapo n'kufunsa kuti, "Amalume, mukadzagula galimoto mudzandikweza?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe udzakhala kutsogolo, mphwanga."

Amayi, mlongo wawo, ankapeta mpunga pakhonde. Anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba, nkhuku zikudya mpunga uja. Ndinaganiza kuti akwiya chifukwa iwo sanalonjezedwe mpando.

Galimoto inabweradi, yobwereka, kudzawatenga amalume kupita nawo kuchipatala. Anawagoneka kumbuyo pamphasa, ndipo sanabwerenso.

Lero ndikudziwa bwino: m'mimba ndinkanyadira muja munali madzi okhaokha, chiwindi chitatheratu chifukwa cha mutu wa kachasu ankalawa uja.