Anamwino Amene Sanatikalipire

Mkazi wanga anatsika pa balansa, anamwino n'kulemba kulemera kwake pa kartau, khadi lake la sikelo. Ine ndinaima pakhomo, chipewa m'manja, kudikira kukalipiridwa. Pa mimba yapitayo, kuchipatala china, anamuuza pagulu kuti amadya ngati nankafumbwe. Sanabwerereko. Mwezi wachisanu ndi chitatu anatupa miyendo, anakomoka, mwana anabadwa atafa kale.

Anamwino awa a ku Chifunde anandikokera mpando.

"Lowani, bambo. Mayi, mundilola tikambeko za thupi lanuli? Mukakana tisiya."

Munthu wa boma kupempha chilolezo ndinali ndisanamuonepo.

"Kambani," anatero mkazi wanga.

"Pa mimba iyi mukufuna chiyani?"

"Ndimumve mwana akulira."

"Nanga za thupi lalikulu ndi tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, mukudziwapo zotani?"

Mkazi wanga anafotokoza zonse. Mafuta, mchere, zotsekemera, kukhala pansi tsiku lonse. Sindinkadziwa kuti amazidziwa.

"Mukudziwa zambiri. Ndiye chimavuta n'chiyani?"

Anamwino anaika cholembera pansi, n'kumudikira. Panja panali mzere wa azimayi, koma sanayang'aneko.

"Bambo akewa," anayamba mkazi wanga, maso ali pansi. "Madzulo alionse amabwera ndi nyama yamafuta m'pepala, ndi refresko, chakumwa chotsekemera chija. Amakhala pamenepo kundiyang'ana mpaka nditamaliza. Kudimba anandiletsa. Ndikane bwanji?"

Zinali zoona. Ine ndimakazinga nkhumba pamsika. Tonse awiri tinakulira kothawa nkhondo ku Zambia, nthiti zili pamtunda. Kuno mkazi akaonda anthu amati mwamuna walephera, kapena m'nyumbamo mwalowa matenda. Wanga akamadutsa pamsika anthu ankati, onani mmene mkuluyu amasamalira. Mawu okoma ine ndilibe. Ndinali ndi nyama.

Ndinati tsopano anamwino anditembenukira. Sanatero.

"Ndiye kuti abambo amakukondani ndi chimene ali nacho m'manja, ndipo inu simufuna kuwachititsa manyazi. Koma mukufunanso mwana wamoyo. Ndamva bwino?"

"Mwamva bwino."

"Sindikuti mudzimane chakudya, mwanayo ayenera kukula. Pa zimene mwatchula zija, mungayambe ndi chiti?"

Anasankha yekha. Refresko basi. Nyama kawiri pa sabata, yopanda mafuta. M'mawa kuyenda pang'onopang'ono mpaka kudimba, kukathyola ndiwo.

"Nanga inu, bambo, mungathandize pati?"

"Ndamva," ndinatero.

"Amalankhula chonchi masiku onse?"

"Lero alankhula kwambiri," anatero mkazi wanga, onse awiri n'kuseka.

Mwezi uliwonse tinkabwerera. Anamwino ankayeza tensau, kenako n'kufunsa chimene chatheka, asanafunse chimene chalephereka. Mwezi wina kunali ukwati wa mphwanga, mkazi wanga anadya zonse masiku atatu. Anakaulula kuchipatala. Anamwino anangoti, "Ndiye tsiku lachinayi chinakubwezani n'chiyani?" Mkazi wanga anatuluka m'chipindamo ali wowongoka.

Ndaona anthu ambiri odziwa ntchito, koma wotere ayi. Ankadziwa yankho kuyambira pachiyambi. Ankangodikira kuti mwini wake alitchule. Ineyo akanandilamula ndikanakana, ndimadzidziwa.

Tensau itayamba kukwera chakumapeto, mkazi wanga anapita yekha kukanena, osabisa. Anamusunga kunyumba yodikirira pafupi ndi chipatala. Anabereka masana. Ndinali kuseri kwa khoma, ndinamva kulira. Mtsikana.

Papita miyezi, kudimba sanasiye. Tsiku lina anadutsa pamsika, mwana kumbuyo, chitenje chitazungulira thupi kuposa kale. Mnzanga wokazinga mbuzi anakweza mawu kuti onse amve.

"Achimwene, alamu akutha bwanji? Ntchito yagwa, kapena tiyambe kumema anthu ku maliro?"

Anthu anaseka. Anadikira kuti ndiyankhe.

Ndinazimitsa moto, ndinapukuta manja, n'kutsatira mkazi wanga.