Mtanda wa nkhafi

Make Joana, lero chakwana chaka chigonereni kumanda kwathu kwa Ndamera, koma mtima wanga sunazizire. Akuluakulu a mpingo anakana kuika mtanda pamanda panu. Anati, "Bambo, ukwati wanu sunadalitsidwe kutchalitchi, lamulo silitilola." Wozengereza kukadalitsa ndinali ine, koma chilango anapatsa inu, amene munkasesa tchalitchi chawocho Loweruka lililonse.

Sindiiwala tsiku lija madzi a Shire analowa m'mudzi. Ine ndinkakuwa kuti munyamule thumba la mapira, koma inu munabwerera m'nyumba, madzi akulekeza m'chiuno, kukatenga kamtanda kathabwa kapakhoma kaja. M'bwato ndinakukalipirani. Munangoti, "Mapira tidzalima ena. Aka kamandikumbutsa kuti Yesu sanatithawe pa mavuto. Palasani, bambo." Odziwa malamulo aja analowapo m'madzi chifukwa cha mtanda? M'mawa uno ndadula pakati nkhafi imene ndinapalasira tsiku limenelo, ndaikhoma mopingasa ndi misomali iwiri, ndakaizika kumutu kwanu. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Amene akuti simuyenera mtanda abwere adzauzule ine ndikuona.