Chuku cha Agogo Sumi

Ndikakumbukira Agogo Sumi, chimayamba kundifika ndi fungo la soya wowiritsa, lofunda, lokhala ngati la bowa wongozula kumene, lomwe linkadutsa pansi pa thabwa lolekanitsa chipinda chathu ndi chawo ku Hor Al Anz, dera la mumzinda wakunja kumene mayi anga ankagwira ntchito. Sanali agogo anga enieni. Anali mayi wachikulire wa ku Indonesia amene ankaphika m'nyumba ina ku Mirdif, dera lina la mumzinda womwewo, ndipo korona itavuta anauzidwa kuti ayambe akhala kaye. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sukulu ili pa foni, ndiye ndinkangoswera kwawoko.

Ankawiritsa soya, kumusenda makoko ndi manja, kumuwaza kaufa kotuwa ka m'botolo, n'kumulonga m'timatumba ta pulasitiki toboola ndi singano. Akatero ankamufunditsa thaulo kunsi kwa bedi ngati khanda. Pakapita masiku awiri soya uja ankagwirana, atayera mbee ndi chuku, ndipo akamukazinga nyumba yonse inkameza malovu. Ankati dzina lake ndi tempe.

"Chuku si chimodzi, habibi, mwana wanga," ankandiuza. "Choyerachi timadya. Chikada, imeneyo ndi mbewu. Chobiriwira kapena chofiira, khalas, basi, taya."

Mbewuyo, kaufa ka m'botolo kaja, anapatsidwa ndi malemu mayi awo, ndipo ndege zinali zitasiya kuyenda. Ikanafa, kunalibe kokaitenganso.

Mayi anga, amene ankakonza m'maofesi, zinkawanyansa. Kwa iwo chuku ndi chija chinkawononga mtedza kumudzi, basi.

Tsiku lina agogo anayamba kubanika, ambulansi n'kuwatenga. Mayi anavala magolovesi, analowa m'chipinda cha agogo ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kukokolola zonse: thaulo, soya, ngakhale kabotolo kaja. "Tifa nazo izi!" Sindiwaimba mlandu, mantha anali ponseponse. Koma atatembenuka ndinasolola m'zinyalalamo kathumba kamodzi kakuda bii n'kukabisa m'sokosi ya sukulu. Ndinkakaumitsa pawindo, kuseri kwa katani.

Agogo anabwerako patatha milungu itatu, ataonda, mphuno yosamvanso fungo. Atasuzumira kunsi kwa bedi anangokhala pansi. Chisoni chinandigwira koopsa. Ndinathamangira sokosi ija n'kuwakhuthulira m'manja. Anakayang'anitsitsa kanthuko, kenaka anakabweretsa pamphuno panga.

"Yanga yafa. Nunkhiza iwe. Ukumva chiyani?"

"Bowa, agogo."

"Ndiye ili moyo. Yalla, tiye, tenga kamtondo tisinje."

Mayi anali ataima pakhomo, manyazi atawagwira. Mawa lake anabwera ndi thumba la soya, n'kulisiya pakhomo pa agogo.

Ndege zitayambiranso agogo anapita kwawo, ndipo sindinamvenso za iwo. Ndimawasowa. Anandisiyira theka la ufa tinasinja uja, ndipo mpaka lero sindinaiphe mbewuyo. Kunsi kwa bedi langa kumakhala thaulo lofunda, ndipo mayi akamakolopa amalilambalala.