Nambala Imene Inagawika

Ana asukulu ankawatchula kuti a Sagawika, ndipo iwo dzinali ankalikonda. Anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, bambo wamtali wosasowa choko m'zikhadabo. Kalasi yatsopano iliyonse ankailandira polemba 1,000,001 pabolodi.

"Nambala iyi ndi yosagawika," ankatero. "Palibe ina ingalowemo popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Nanunso muzilimba choncho."

Nkhaniyi inayamba atangolowa ntchito. Tsiku lina anakhala pansi n'kumaigawa nambalayo ndi 3, ndi 7, ndi 11, mpaka anafika pa 97. Zonse zinakana. Ankadziwa kuti ayenera kupitiriza mpaka pafupi ndi 1,000, koma dzanja linatopa. M'mawa mwake anailengeza m'kalasi, ana anaikonda, ndipo sanaibwererenso.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, ophunzira awo akale anawakonzera phwando m'holo ya pasukulupo. Litatha, mayi wina amene anamuphunzitsa kalekale, yemwe tsopano anali injiniya wa milatho, anawaperekeza kugeti.

"Ukuikumbukirabe nambala yathu ija?" anamufunsa akumwetulira.

Mayiyo anayang'ana pansi. "Ndikuikumbukira, aphunzitsi. Kungoti 101 amalowamo."

"Wati chiyani?"

"101 kuchulukitsa ndi 9,901. Ndinaitchula kuti ndi yosagawika kuyunivesite pamaso pa anthu, kalasi yonse n'kundiseka."

"Nanga osadzandiuza bwanji?"

"Ambirife timadziwa, aphunzitsi. Tinkangokumverani chisoni."

A Sagawika anaima pagetipo. Pambuyo pa 97, nambala yotsatira yoti ayese inali 101 yomweyo. Anakumbukira nkhope zonse zimene zinkawaombera m'manja m'holo muja, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika.

Kunyumba chakudya anangochiyang'ana.

"Mwatani bambo, kwagwa zovuta?" anafunsa akazi awo.

"Ndakhala ndikunamiza ana a eni moyo wanga wonse."

Atamva nkhani yonse, mayiwo anapukusa mutu. "Ndiye nambalayo yakasuma kupolisi? Idyani apa."

A Sagawika sanaseke. Lolemba analowa m'kalasi, analemba 101 × 9,901, n'kuuza ana kuti achulukitse. Mtsikana wa kutsogolo anamaliza msanga, anayang'ana yankho lake, n'kutseka pakamwa ndi dzanja.

"Werenga mokweza, mwanawe."

Anawerenga. Yankho linali 1,000,001.

"Ndinasiyira ntchito panjira chifukwa cha ulesi," anatero a Sagawika. "Amene muli ndi akulu anu omwe anadutsa muno, mukawauze kuti ndinawasokeretsa."

Atapuma pantchito, akaona wophunzira wawo wakale pamsewu ankakhotera m'sitolo n'kumafunsa zinthu zimene sankazifuna. Masana ankakhala patebulo la pakhonde ndi pensulo, akugawa 1,000,003. Foni ya mwana wawo ikanawauza yankho nthawi yomweyo, koma anaikana. Anapita nayo mpaka kumapeto osadumpha ngakhale imodzi. Imeneyo inalidi yosagawika. Anauza akazi awo okha, omwe anangoti, "Chabwino, sunthani mapepalawo ndiyale nsalu."