Timachubu Topanda Nambala

Ntchito ija ndinaimva pa zolengeza za kutchalitchi kwathu ku Nkhamanga: ankafuna munthu wodziwa za labu. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri, satifiketi ikudyedwa ndi mphemvu, ndiye sindinafunsenso zambiri.

Abwana anga, a Dokotala Chirambo, ankafufuza matenda a kaodzera. Ankafuna kudziwa zomwe tizilombo toyambitsa matendawa timachita pa kachikopa kokuta maselo a mu ubongo, mpaka uthenga kusiya kuyenda bwino, munthu n'kumangogona. Yankho ankalisaka m'madzi a mumsana. Madziwo akatungidwa kwa wodwala ndi singano yaitali ija, ine ndinkawazunguza pa makina, kuwagawa m'timachubu ndi kachipangizo kotapira madontho kotchedwa pipeti, kumata lebulo ya nambala ya wodwalayo, kenako kumiza m'thanki ya naitirojeni kuti aundane.

Malebulo athu atatha, oda yatsopano inachedwa. Ndinagula malebulo wamba mu shopu ku Katowo, osauza munthu. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, linafika tsiku lotumiza zonse ku labu yaikulu. Ndinavala magolovesi n'kukoka bokosi loyamba. Utsi utachoka ndinapeza timachubu tili mbee. Guluu wamba sapirira kuzizira koteroko: malebulo anali atamatuka n'kugwera pansi pa thanki. Madzi onse analipo, abwinobwino, koma osadziwika mwini wake.

A Dokotala sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatola kachubu kamodzi, kukatembenuza, nati, "NyaMsiska, ameneyu ndi ndani?" Kutunganso kunali kosatheka, poti odwala ena anachira, ena tinaika m'manda. Kafukufuku anathera pomwepo.

Sabata lomwelo, ndikulongedza katundu, anabwera mayi wina wa ku Thazima. Mwamuna wawo, mlonda wa nyama, anamwalira ndi kaodzera, ndipo ndine ndinawanyengerera mayiwo kuti alole singano ija, ndikuti zithandiza ena.

"Mwana wane, m'madzi a abambo aja munapezamo chiyani?"

Ndinati zikuyezedwabe. Anandigwira dzanja mothokoza nati, "Yewo chomene," n'kubwerera.

Lero ndili pa labu ina. Kachubu kalikonse ndimayamba ndalemba nambala pathupi pake ndi cholembera chosafufutika, ndipo chinthu chikatha ndimanena. Anzanga amati ndimanyanya. Sadziwa kuti ku Thazima kuli mayi amene anandithokoza chifukwa cha bodza, ndipo mpaka pano sindinalimbe mtima kukawauza zoona.