Lole ya nkhuni pakhomo pa atate

Ndinaganiza zochoka ku Ndola tsiku limene ndinagulitsa makina anga owotcherera zitsulo. Magetsi ankathima kungocha, ndipo geti limene ndinalonjeza mwini wake kuti ndimaliza Lachisanu linagona pansi mpaka kuyamba dzimbiri. Bambo wamkulu ndevu pepeya, ndinkadyabe kapenshoni ka atate. Ndinawauza madzulo ali pamalo pawo pa masiku onse, panja pa nyumba yathu ku Mushili, mbaula ili pakati, akusewera dirafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi anzawo atatu amene ankalowa nawo mumgodi kale ku Kitwe. Atate, aDaka, sanakweze ndi mutu womwe. Anangoti kumene ndikupitako ndikayambe ndapeza tchalitchi, kenako anadya nthanga ziwiri za mnzawo.

Amayi anali atatisiya kale. Mlongo wanga Esinati anakwatiwa ku Ipusukilo, ndipo ankabwera Loweruka kudzawachapira. Atate mgodi unawapatsa nyumba ija, nkuwapatsanso chifuwa. Ikafika Juni ankatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo kukazizira kwambiri ankalowetsa mbaula ya makala, amene kwathu timati malasha, m'nyumba nkutseka mawindo, chinthu chimene chagoneka anthu ambiri tulo tosadzuka.

Ku South Africa ndinakathera m'tauni ina ya kumapiri, kufupi ndi Lesotho, kumene madzi osiyidwa panja amagwirana gwa. Ndinapeza ntchito kwa mzungu wina amene ankaika masitovu a nkhuni m'nyumba za anthu. Si ophikira ayi, ndi owothera: bokosi lachitsulo loima palokha pabalaza, chitseko chagalasi, ndi paipi ya utsi yotulukira kudenga. Tsiku lonse ndinkafunditsa nyumba za eni ake, madzulo nkukagona ndi jekete m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Tchalitchi ndinachipeza, koma ankaimba m'chinenero chimene sindinkamva, ndipo Lamlungu lina linkatha ndisanalankhule ndi munthu. Ndinkasungulumwa koopsa. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo ndikaimba foni, pakati pa mawu a atate ndinkamva chifuwa chija ndi phokoso la anzawo akukangana za dirafuti.

M'chaka chachinayi ndinati basi, atate nawonso awothe ngati anthu. Pamenepo ndiye ndinaonetsa ukatswiri wanga wonse. Sitovu ya chitsulo chopyapyala ndi yotchipa ndipo imatentha msanga, koma moto ukangozima nayonso yazizira. Ndinasankha ya chitsulo cholemera, yakale, imene tinachotsa m'nyumba ina, ndipo bwana anandigulitsa pa sikisi sauzande ya ndalama za kumeneko. Ndinkaona ngati ndatola, osadziwa kuti chondimaliza ndi chumuni. Paipi wamba ikadutsa pafupi ndi matabwa a denga imatha kuwayatsa, choncho pamafunika ya makhungu awiri yokhala ndi zotchingira kutentha pakati, ndipo imeneyo inadya ndalama kuposa sitovu yeniyeniyo. Ndinalingalira zoitulutsira kukhoma kuti tisaboole malata, koma paipi yokhota imasunga mwaye. Ndinati iwongoke ndithu, ndipo ndinagula labala yotsekera pobowola kuti mvula isalowe, ndi kachipewa kapamwamba. Panalinso dalaivala wa thiraki woti anyamule, a pabodala, simenti ya silabu yoikapo sitovu, ndi mmisiri wa ku Ndola amene ndinkamulangiza pafoni mpaka anatopa nane. Chaka chimenecho nsapato sindinagule.

Atate ndinawauza katundu atadutsa kale bodala. Ndinkati ndiwadabwitse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lonse.

Chinatsala chinali nkhuni. Kumene ndinali, mulu wa nkhuni pakhomo ndi chizindikiro cha munthu wokonzeka, ndipo eni ake amauyala bwinobwino kuti odutsa aone. Ndinatumiza ndalama kwa munthu wa lole kuti akatenge zikuni zouma ku Mpongwe, lole yodzaza, akatsitse pageti pa atate. Ine wobadwira ku Mushili, woyenda m'misewu yomweyo kuyambira ndili wosavala, sindinaime ngakhale pang'ono kuganiza.

Zithunzi zinayamba kubwera pafoni: paipi yonyezimira pamwamba pa malata athu adzimbiri, utsi ukukwera mowongoka. Ndinazionetsa kwa bwana wanga, iye nkuyamikira kuti mmisiri anatseka bwino. Ndikawafunsa atate ankati, "Kukufunda, mwana wanga. Wachita bwino." Chifuwa chinachepadi. Ndinazindikira kuti phokoso la dirafuti silikumvekanso, koma ndinadziuza kuti tsopano amalankhulira m'nyumba. Esinati naye anayamba kuyankha mwachidule, ine nkumati ndi nsanje ya wotsala kumudzi. Munthu ukamatumiza ndalama umamva zokhazo zimene walipirira.

Lero ndikulemba izi sitovuyo ili kumbuyo kwanga. Ndi yabwino, sindinganame. Imakoka mpweya bwino, denga silidontha, ndipo nditaiika ndekha sindikanaposa pamenepa. Kuipa kwake nkomweko, chifukwa ilibe cholakwa chimene ndingachikonze ndi sipanala.

Ndinabwera patapita zaka zina ziwiri, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nditatsika minibasi ndinayamba kupereka moni mokweza ngati munthu wobwera ndi chikwama chatsopano. Anthu ankayankha, koma maso ali kwina. Bana Chanda, oyandikana nafe, amene anandilera ndi zitumbuwa zawo amayi akudwala, anandiyankha m'Chibemba ali chapatali, nakokera kamdzukulu kawo m'nyumba. Nditakhota pakona ndinaona utsi ukutuluka pachumuni pathu, masana a Okutobala. Pabwalo panali posesedwa bwino, koma mipando ya anzawo a dirafuti panalibe. Atate ndinawapeza pabalaza atavala vesiti, thukuta lili kamukamu, atakhala moyang'anana ndi moto. Anandikumbatira, anandifunsa za ulendo, ndipo za motowo anangoti anazolowera.

M'mawa mwake ndinakwera padenga kukapukuta chumuni, Esinati atandigwirira makwerero. Mwaye unali wokhuthala, womata ngati phula la pamsewu, umene umabwera munthu akamasonkha matabwa a paini tsiku ndi tsiku. Ndinafunsa kuti zikuni za ku Mpongwe zija zinapita kuti. Esinati anayankha ali pansi pa makwerero.

"Imwe aLameki, munaiwala zoona? Muno mu komboni lole ya nkhuni ikatsitsa pa geti, ni chani?"

Ndinatsala pang'ono kugwa. Ku Mushili anthu amaphikira malasha. Zikuni zimabwera pakhomo pa chifukwa chimodzi chokha, kuti azibambo awothe pogonera maliro.

Anandifotokozera ndili chikhalire pamalata. Lole inatsitsa m'mawa atate atapita kuchipatala kukatenga mankhwala. Dzuwa lisanafike pamutu azimayi anali atadzaza pabwalo, zitenje m'chiuno, akulira. A kumpingo anayamba nyimbo, ena anali atayamba kale kufunsa kiyi kuti atulutse mipando pabalaza. Atate pobwera anapeza maliro awo omwe, ndipo bana Chanda atawaona anakomoka. Tsiku limenelo anthu anaseka, atatenso anaseka. Koma pasanapite nthawi mmodzi wa anzawo a dirafuti, aMwanza, anamwalira. Anali nkhalamba ya chifuwa chomwecho cha mumgodi, koma anthu anakumbukira kuti anawothako sitovu ija. Nkhani inayenda msika wonse: mwana wa aDaka ndalama akuzitenga kuti, watumiza bokosi lakuda, watsogoza ndi nkhuni za maliro, ankafuna bambo ake koma zaphonya zagwera mnzawo. Anzawo awiri otsala akazi awo anawaletsa kubwera. Mapemphero a m'dera amene ankachitikira pabalaza pathu anasamukira nyumba ina. Abusa anadzudzula mphekeserazo paguwa, anthu anavomera kuti amen, koma pakhomo sanabwerere.

Zikuni zija atate anazipereka ku maliro a aMwanza, ndipo izinso anthu anazitanthauzira mwawomwawo. Kuyambira pamenepo lole sanaifunenso. Ankakankha okha wilibala kupita kumene amacheka matabwa, kukatola zidutswa, akuima panjira kuti apume. Ndipo ankayatsa tsiku lililonse, kuzizire kutenthe, chitseko chili chotsegula, kuti aliyense wodutsa aone kuti akhala pafupi ndi bokosi la mwana wawo ndipo sakufa.

Ndinamukalipira Esinati kuti bwanji sanandiuze. Anandiyankha mosakweza mawu kuti atate anamulumbiritsa. Akuti munthu amene ali kutali sauzidwa zimene sangathe kukonza, amangodwala nazo mtima pachabe.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinafuna kuyenda khomo ndi khomo kuwafunsa ngati ufiti umabwera ndi lisiti ya pabodala. Koma ndikanayambira pati? Anthu omwewo ndi amene anathamanga ndi misozi atangoona zikuni, osadikira kuitanidwa. Ndi omwewo amene anasenza bokosi la amayi. Kwathu ndi kotero: amakuona chilichonse, ndipo diso limene limakusamala ndi lomwelo limakuweruza. Ndili kutali ndinkasowa kwambiri kuonedwa kumeneko, koma ndinaiwala kuti kuli ndi malamulo ake. Ndinawerengera paipi, labala, simenti ndi thiraki, koma mtengo waukulu analipira ndi atate, ndipo anaulipira ndi anzawo. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndinatsika, ndinatsegula chikwama, ndinatenga sipanala. Kumasula sitovu ndi ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo pobowola ndikanamata ndi chidutswa cha lata. Ndinagwada nkuyamba kumasula paipi. Atate anatuluka kuchipinda akumanga lamba, nandifunsa chimene ndikuchita. Ndinati ndikuchotsa chinthu chimene chawathamangitsira anthu, ndikachigulitsa kwa a zitsulo zakale, mbaula ibwerere panja.

"Ukaichotsa lero," anatero, "mawa adzati wabwera kudzatenga katundu wako chifukwa ntchito yake yatha. Nanga thukuta lonseli ine nakhetsera chani?"

Ndinati nanga tichite bwanji, poti sangakhale okha chonchi mpaka kale. Anakhala pampando wawo, anadikira kuti chifuwa chidutse, kenako analankhula ngati akunena za mtengo wa malasha.

"Ine chidzanitenga ni chifuwa cha mumgodi, icho nidziwa. Koma nifuna nichedweko, Lameki. Nikafulumira adzati ndiwe."

Tikiti yobwererera inali m'thumba la jekete, ndipo sindinaigwiritse ntchito. Ndinamangitsanso paipi ija, ndinaika sipanala pansi. Malata anali atayamba kale kulira ndi dzuwa. Atate anatsegula chitseko cha kumsewu mpaka kukhoma, nandituma kukatenga machesi.